MAKALA A M'MUNDA: ZIMENE A KU YUNIVESITE ANAPEZA, NDI M'MENE MLIMI ANGAYESERE YEKHA

Alimi a kwa Mnkhanya, ndi inu nonse a ku Malambo amene mumawerenga tsamba lino, phunziro lathu la lero liri la makala othira m'munda. Ena a inu munamva kale kuti makala, amene ena amati malasha, akasakanizidwa ndi nthaka amaculukitsa dzinthu. Alipo anthu onena kuti makala ndiwo mankhwala ociza munda uli wonse woguga, ndipo aliponso ena onena kuti zimenezi ndi nthano za anthu osadziwa khasu. Onsewa sanalondole. Zoona zace ndi izi: makala athandiza kwambiri nthaka zina, koma nthaka zina sazithandiza konse. Anthu ophunzira a ku Yunivesite ya Zambia pamodzi ndi anzao a ku Norway anayesa zimenezi m'minda ya dziko lathu lomwe lino, ndipo zimene anapeza ziyenera kufika kwa mlimi ali yense asanataye thukuta lace.

Nkhani imeneyi si yaing'ono kuno kwathu. Cigwa ca Luangwa ciri m'gawo la dziko lolandira mvula yocepa, imene kawirikawiri siipitirira mamilimita 800 pa caka, ndipo dzuwa lace ndi laukali. Tonse tikumbukira dzinja la 2023 kulowa 2024, pamene cimanga cinapserera m'minda, kufikira Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February 2024 kuti cilala cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Cinthu ciri conse cothandiza nthaka kusunga madzi masiku ena owerengeka ciyenera kuganiziridwa bwino. Komabe mlimi alibe nthawi kapena mphamvu zotaya pa nchito yosapindula. Cifukwa cace tiyeni tiphunzire mwa dongosolo.

KODI MAKALA A M'MUNDA NCIANI?

Nkhuni ikapsa pamene mphepo iri yambiri, isanduka phulusa. Ikapsa pamene mphepo iri yocepa, utsi ndi madzi zicoka, ndipo cotsala ndico khala lakuda. Makala otenthedwa ndi colinga cakuti athiridwe m'nthaka, osati kuphikira, ndiwo amene pa Cingerezi amawatcha biochar. Ife m'phunziro lino tiwatcha makala a m'munda.

Mukathyola khala la citsononkho ndi kuliyang'anitsitsa, mudzaona kuti liri ndi timabowo tambiri tonga m'cisa ca njuci, ndipo tambiri koposa ndi tating'ono tosaoneka ndi maso. Timabowo timeneti ndito tigwira nchito. Timamwa madzi ndi kuwasunga, timagwira cakudya ca mbeu kuti cisatsukidwe msanga ndi mvula, ndiponso tizilombo tabwino ta m'nthaka timapezamo pokhala.

Tisasokoneze makala ndi phulusa. Phulusa lipatsa mbeu mphamvu msanga, monga adziwira anzathu a kumpoto amene alima citemene, koma mphamvu yace siikhalitsa, ndipo patapita zaka zowerengeka munda usiyidwa. Makala otenthedwa bwino saola msanga. Akhala m'nthaka zaka zambirimbiri, mwina mazana.

Tisasokonezenso makala ndi feteleza. Cakudya cobiriwitsa masamba, cimene tipeza mu yureya ndi m'manyowa, ciri cocepa ndithu m'makala, pakuti cambiri cicoka ndi utsi potentha. Makala afanana ndi nkhokwe: nkhokwe isunga cimanga, koma siibala cimanga. Wothira makala okha m'munda wa njala adzakolola njala yomweyo.

KUMENE NZERU IYI INACOKERA

Nzeru imeneyi siinayambe ndi anthu a masukulu. Ku Brazil, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Amazon, nthaka yambiri ndi yofiira kapena yacikasu, yowawasa ndi yosabereka. Koma pa malo ena pamene panali midzi ya anthu akale pali nthaka yakuda bii, imene anthu a kumeneko aitcha terra preta. M'nthaka imeneyo mupezeka makala, mapale, mafupa ndi zotsala za cakudya zimene eni midziyo anali kutaya zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo kufikira lero ibereka koposa nthaka yoizinga. Katswiri wa nthaka wa ku Holland, dzina lace Wim Sombroek, anaifotokoza m'buku lace la mu 1966, ndipo ophunzira ena pambuyo pace anayamba kufunsa ngati anthu a masiku ano angathe kupanga nthaka yotere mwadala.

Inu nomwe mudziwa kuti maungu ndi fodya zikondwa pabwinja ndi padzala lakale. Onani bwino cimene ciri pa malo otere: si makala okha ai, koma makala osakanizika ndi phulusa, zitosi ndi zinyalala zoola. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tidzabweranso pa iyo.

NCHITO YA YUNIVESITE

Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo iri ku Lusaka pambali pa mseu waukulu wocokera ku Chipata. Gawo lace lophunzitsa za malimidwe linayamba mu 1971, ndipo m'gawo limenelo muli akatswiri a nthaka. Mwina wina angafunse kuti: kodi munthu wa ku Lusaka angandiuze ciani za munda wanga? Yankho lace ndi lakuti iye ali ndi zipangizo ziwiri zimene mlimi alibe.

Coyamba ndico nyumba yopimiramo nthaka. M'menemo nthaka iumitsidwa, isefedwa, niyesedwa pa sikelo. Ali ndi makina oyesera kuwawasa kwa nthaka, pa muyeso umene autcha pH. Pa muyeso umenewu 7 ndiye pakati. Nambala ikatsika, nthaka iri yowawasa, ndipo ikatsika kupitirira 5.5 mizu ya cimanga iyamba kubvutika. Ayesanso mphamvu ya nthaka yogwira cakudya ca mbeu, ndi kuculuka kwa madzi amene nthaka ingasungire mizu mvula itakata.

Caciwiri ndico munda woyesera, kumene mbeu zibzalidwa m'timinda tolingana, tosiyana pa cinthu cimodzi cokha, kotero kuti pokolola adziwe cimene cabweretsa kusiyana.

Pa nchito ya makala, a ku Yunivesite anagwirizana ndi bungwe la Norwegian Geotechnical Institute la ku Oslo, ndi Yunivesite ya za malimidwe ya ku Norway, ndiponso bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba mu 1996 kuphunzitsa ulimi wa maenje umene ambiri kuno Kum'mawa autcha gamphani. Mwa atsogoleri a nchitoyi munali a Gerard Cornelissen a ku Norway ndi a Victor Shitumbanuma a ku Yunivesite ya Zambia. Nzeru yao inali iyi: kumwaza makala m'munda monse kufuna makala ambiri amene mlimi wamng'ono sangawapeze, koma pa ulimi wa gamphani khasu likumba gawo limodzi cabe mwa magawo khumi a munda, motero makala ocepa angaikidwe m'dzenje momwemo mmene muli mizu.

ZIMENE ANAPEZA M'MINDA ISANU

Anatentha makala a mitundu iwiri, a zitsononkho za cimanga ndi a mitengo, nawathira m'maenje pa malo asanu a nthaka zosiyana. Muyeso umene tifotokoza pano unali wa matani 4 pa hekitala. Timinda tonse, ta makala ndi topanda makala, tinalandira feteleza. Zotsatira zace zinasindikizidwa mu 2013, ndipo ndi izi.

Ku Kaoma, m'cigawo ca Kumadzulo, nthaka ndi mcenga woyera wowawasa, wosasunga madzi. Kumeneko timinda ta makala a zitsononkho tinabereka cimanga coposa kanai cimene cinaturuka m'timinda topanda makala, ndipo ta makala a mitengo tinabereka pafupi katatu ndi theka.

Pa munda wa Yunivesite, kum'mawa kwa Lusaka, nthaka ndi yofiira, ya dongo losakanizika ndi mcenga. Kumeneko zokolola zinaoneka ngati zakwera ndi magawo 30 kapena 40 pa 100, koma timindato tinasiyana kwambiri tokha-tokha, kotero kuti akatswiriwo sanalimbe mtima kunena kuti makala ndiwo anacititsa.

Pa malo atatu otsalawo, a nthaka za dongo, panalibe kusiyana koti nkuwerengera. Makala anathiridwa, nchito inagwiridwa, koma nkhokwe siinaonjezeke.

Taonani tsono: pa malo asanu, amodzi anapindula kwambiri, amodzi mokayikitsa, ndipo atatu sanapindule. Munthu wokuuzani za Kaoma yekha wakuuzani zoona, koma sanakuuzeni zonse. Mu 2017 akatswiri ena a ku Ulaya anasonkhanitsa zotsatira za mayeso ambiri a m'maiko osiyana, napeza kuti m'maiko otentha makala anakweza zokolola, pophatikiza zonse, ndi gawo limodzi mwa magawo anai, koma m'maiko ozizira sanakweze. Ndipo phindu lalikulu linaoneka pa nthaka zowawasa ndi zosauka.

CIFUKWA CACE NCOTANI?

Yankho linapezeka m'nyumba yopimiramo nthaka. Atasakaniza makala ndi mcenga wa ku Kaoma, anapeza kuti madzi amene mcengawo ungasungire mbeu anakwera kucokera pa magawo 17 kufika pa 21 pa 100, ndipo mphamvu yace yogwira cakudya ca mbeu inakwera kawiri kapena kuposa. Kuwawasa kwace kunacepanso, pakuti makala agwira nchito yofanana ndi ya laimu. Pa mayeso ena a m'dziko lino, amene anasindikizidwa mu 2015, anakumba mapesi a cimanga pamodzi ndi mizu yace, naona kuti m'maenje a makala mizu inali yaikulu ndi ya nthambi zambiri. Cimanga ca mizu yotere cipirira bwino mvula ikakata.

Tsono nthaka ya dongo iri nazo kale zimene makala abweretsa. Isunga madzi yokha, igwira cakudya yokha, ndipo ngati siiri yowawasa siifuna laimu. Kuithira makala kuli ngati kupereka mtsuko kwa mai amene ali nayo kale mitsuko khumi.

NANGA NTHAKA ZA KWATHU?

Kaoma si Mnkhanya. Kuno ku cigwa nthaka zisiyana pafupi-pafupi, ndipo mlimi mmodzi angakhale ndi mitundu iwiri kapena itatu m'munda umodzi. Tengani dothi lodzaza dzanja, mulinyowetse pang'ono ndi kulikanya. Likakana kuumbika, nilimwazika ndi kukhakhala pa zala, ndilo mcenga. Likaumbika koma nkuthyoka polipinda, liri pakati. Likamata ndi kupindika ngati cingwe osathyoka, ndilo dongo.

Nthaka ya mcenga, imene iuma masiku awiri kapena atatu mvula itagwa, ndi pamene cimanga ciyamba kufota anzanu a kudambo asanadandaule, ndiyo yoyamba kuyesapo makala.

Nthaka ya m'mbali mwa Lupande ndi mitsinje ina, imene madzi osefukira aibweretsera dothi latsopano, kawirikawiri ndi yacondi kale. Mbali zace za mcenga zingapindule, koma mbali zace zolemera musaziyembekezere zambiri.

Makande akuda ong'ambika m'cilimwe asunga madzi ambiri, ndipo bvuto lao si ludzu koma kulema ndi kudikha kwa madzi. Afanana ndi nthaka zija zimene sizinaonetse phindu.

Nthaka yolimba ya m'nkhalango za tsanya, mitengo imene ena aitcha mupani, nthawi zambiri siiri yowawasa, ndipo pena iri ndi mcere. Pamenepo cenjerani, pakuti makala ndi phulusa lace akankhira nthaka ku mbali yomweyo imene yapendekera kale.

Wofuna kudziwa bwino atengere dothi lace kwa Mlangizi wa Malimidwe, amene adziwa njira yolitumizira kukapimidwa. Boma liri ndi malo ofufuzira za malimidwe ku Masumba m'boma lathu lomwe lino la Mambwe, ku Msekera pafupi ndi Chipata, ndi likulu lace ku Mount Makulu ku Chilanga. Akulu anati safunsa anadya phula.

MUSADULE MTENGO

Pano tinene mosabisa. Munthu wodula tsanya kapena msangu kuti atenthe makala a m'munda waononga cacikulu kuti akonze cacing'ono. Mtengo ugwira nthaka, utchinga mphepo, upatsa njuci maluwa, ndipo msangu uthira manyowa m'munda caka ndi caka popanda malipiro. Kumbukiraninso kuti lamulo la za nkhalango la mu 2015 silola munthu kutentha makala a mitengo ya m'thengo popanda cilolezo. Ndiponso munaona kale kuti ku Kaoma makala a zitsononkho sanagonje kwa makala a mitengo.

Zoyenera kutentha ndi zimene zitayika kale. Zitsononkho ndizo zoyamba. Mapesi a thonje, amene alangizi atiuza kuwazula ndi kuwatentha kuti tizilombo tisagonere caka cinzace, ali bwino ndithu: m'malo mowasandutsa phulusa louluka ndi mphepo, asandutseni makala. Mapesi ouma a nandolo ali ngati nkhuni, ndipo anayesedwa kale ku Mkushi. Nthambi zosadza za gliricidia, imene bungwe la COMACO laphunzitsa alimi ambiri a m'cigwa kubzala, zingagwirenso nchito, masamba ace atatsala m'munda. Makoko a nshawa ndi mankhusu a mpunga apsa, koma athiridwe pang'ono-pang'ono pakati pa zinthu zazikulu, pakuti akaculuka azima moto.

Mapesi a cimanga ndi a mapira asiyeni m'munda aphimbe nthaka. Pamenepo ali kale pa nchito yao.

KATENTHEDWE KA M'DZENJE

Njira yosafuna ndalama ndiyo ya dzenje. Inafalitsidwa mu 2014 ndi a Hans-Peter Schmidt ndi a Paul Taylor kupyolera m'bungwe la Ithaka la ku Switzerland, ndipo aitcha Kon-Tiki. Akatswiri a ku Norway omwe aja anayesa utsi wace ku Nepal, nafalitsa mu 2016 kuti njira imeneyi iturutsa utsi woipa wocepa poyerekeza ndi uvuni wofotsera ndi dothi umene otentha makala azolowera. Citani motere:

1. Sankhani malo a patali ndi nyumba, nkhokwe ndi udzu. Lambulani mozungulira. Sankhani m'mawa wopanda mphepo, ndipo madzi kapena mulu wa dothi zikhale pafupi moto usanayatsidwe.

2. Kumbani dzenje lotambalala kumwamba ndi losongoka pansi, longa mtondo waukulu: pakamwa pace mita imodzi ndi theka, kuya kwace pafupi mita imodzi.

3. Zotentha zanu zikhale zouma gwa. Mapesi atali muwadule alingane ndi mkono.

4. Kolezani moto waung'ono pansi pa dzenje ndi timitengo touma, nuusiye uyake kufikira papangika makala a moto.

5. Yalani zotentha zocepa pamwamba pace. Lawi likaphimba dzenje, litsekereza mphepo kuti isafike pansi, ndipo za pansizo zisanduka makala m'malo mwa phulusa. Cinsinsi conse ca njira iyi ndi cimeneci.

6. Mukaona phulusa loyera liyamba kuoneka pamwamba, yalaninso zina. Mukacedwa, makala apserera. Mukafulumira kapena kuunjika zambiri, padzabuka utsi woculuka ndipo zina zitsala zosapsa. Moto wabwino uli ndi lawi lambiri ndi utsi wocepa.

7. Pitirizani cotero maora awiri kapena atatu, kufikira dzenje ladzala kapena zotentha zatha.

8. Zimani ndi madzi ambiri kufikira nthunzi yaleka. Ngati madzi ali patali, fotserani ndi dothi locindikala, mulipondereze, ndipo musafukule kufikira pazizirira ndithu, ngakhale papite masiku awiri. Makala obisa moto angapse onse usiku, ndipo dzenje lofotsera lingatenthe mwana kapena mbuzi yopondapo. Cifukwa cace litchingeni ndi minga.

Musayese konse kutentha makala m'nyumba kapena m'khumbi lotseka, pakuti mpweya wace upha munthu osamva pfungo.

Makala abwino ali akuda kufikira m'kati, opepuka, othyoka msanga, olira ngati mapale pogundana, ndi osanunkha utsi. Pa makilogalamu 100 a zinthu zouma mungayembekeze makala ouma okwana makilogalamu 20 kapena 25.

KUDYETSA MAKALA ASANALOWE M'MUNDA

Makala atsopano ali ndi njala. Akalowa m'dzenje ali okha, ayamba kudzigwirira cakudya cimene cikadapita ku mbeu, ndipo cimanga cingaoneke cacikasu masabata oyamba. Apa mpamene tikumbukira za padzala ndi pabwinja paja.

Awazeni madzi kuti pfumbi lace lisalowe m'cifuwa, muwaphwanye kufikira alingane ndi njere za nshawa kapena kucepera. Kenaka asakanizeni ndi manyowa, muyeso umodzi wa makala pa muyeso umodzi wa manyowa. Popeza ng'ombe ziri zocepa kuno cifukwa ca nchenche ya kashembe, gwiritsani nchito ndowe za mbuzi, zitosi za nkhuku kapena kompositi. Muluwo ukhale pa mthunzi, wonyowa koma wosadikha madzi, masabata awiri kapena kuposa. Ena ayala makala ozizira m'khola la mbuzi kuti amwe mkodzo, ndipo njira imeneyi ndi yabwino.

KAMUNDA KOYESERA

Tsopano tafika pa mutu weniweni wa phunziro lathu. Zimene a ku Yunivesite anacita, inunso mungathe kucita pa munda wanu ndi khasu, cingwe ndi kabuku kolembamo.

Pa ulimi wa gamphani maenje atalikirana masentimita 70 mu mzere, ndi 90 pakati pa mizere. Motero lima imodzi iri ndi maenje pafupi 4,000. Muyeso uja wa matani 4 pa hekitala utanthauza magalamu 250 a makala ouma pa dzenje liri lonse, ndiwo pafupi lita imodzi. Lima yonse ifuna tani yathunthu ya makala, ndiye kuti matani 4 kapena 5 a zotentha. Koma mlimi wokolola matumba 20 a cimanga apeza zitsononkho zosaposa makilogalamu 250, zimene zipatsa makala okwanira maenje 200 cabe. Mwaona tsono kuti makala ndi cuma cocepa, cosayenera kutayidwa pa nthaka imene siiwafuna.

Poyesa, maenje 200 akwana. Citani motere:

1. Sankhani malo a nthaka yofanana, patali ndi culu, mthunzi wa mtengo ndi njira ya madzi. Asakhale kumphepete kwa munda, kumene njobvu, anyani ndi nguluwe ziyambira kudya, pakuti zikadya mizere ina mayeso anu aonongeka.

2. Kumbani mizere 8 ya maenje 25 mzere uli wonse, mvula isanagwe.

3. Thirani makala mu mzere woyamba, mulumphe waciwiri, muthire wacitatu, cotero kufikira mizere 4 iri ndi makala ndipo 4 iribe. Mufuna makala okwana makilogalamu 25. Asakanizeni ndi dothi la m'dzenje, osawasiya pamwamba kumene madzi angawakokolole. Khomani zikhomo zosonyeza mizere ya makala.

4. Mizere yopanda makala ilandire manyowa ofanana ndi amene munasakaniza ndi makala. Mukaiwala ici, mudzatamanda makala pa nchito imene agwira ndi manyowa.

5. Zina zonse zifanane: mbeu imodzi, tsiku limodzi lobzala, feteleza wolingana, tsiku limodzi lopalira.

6. Mvula ikakata, yendani pakati pa mizere masana, muone imene iyamba kufota, ndi kulemba tsiku lace.

7. Kololani mzere uli wonse pa wokha. Cimanga cikauma, citonoleni ndi kuciyesa ndi tini imodzimodzi, ndipo mulembe.

Poweruza musayang'ane mzere umodzi. Ngati mizere yonse inai ya makala iposa inzace yoyandikana nayo, pamenepo muli ndi umboni. Ngati iwiri iposa ndipo iwiri igonja, muli monga anali a ku Yunivesite pa munda wao wofiira uja, ndipo simunathe kuweruza. Bzalaninso m'maenje omwewo caka caciwiri ndi cacitatu osaonjeza makala, pakuti akali momwemo. Mwina phindu lace lidzaoneka pa caka ca cilala, losaoneka pa caka ca mvula yambiri. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mudzi ungapindule koposa ngati alimi asanu kapena khumi a nthaka zosiyana ayesa caka cimodzi, nabweretsa mabuku ao pa bwalo la a Nyakwawa pamaso pa Mlangizi. Pakutha pa zaka zitatu mudzi wotere udzadziwa minda yace yofuna makala ndi yosafuna.

MAU OTSIRIZA

Ophunzira a Yunivesite ya Cornell ya ku America, pogwirizana ndi COMACO, anayendera minda yambiri ya alimi a kuno Kum'mawa, ndipo mu 2013 anafalitsa kuti pa ulimi wa gamphani kasamalidwe ka mlimi ndiko kalamula zokolola koposa dera limene munda uli. Makala sadzapalira munda wanu, sadzabzala m'nthawi yace, ndipo sadzalowa m'malo mwa kasinthasintha wa cimanga ndi nshawa kapena nandolo. Ali mthandizi wa mlimi wakhama amene ali pa nthaka yoyenera.

Cifukwa cace caka cino, mukatha kutonola, musataye zitsononkho, ndipo mapesi a thonje musawatenthe pa mtetete. Zisungeni pouma. Kumbani dzenje limodzi, tenthani makala okwana maenje 100, muwadyetse manyowa, ndipo muyese pa mbali ya mcenga ya munda wanu. Akapindula, muonjeze maenje ena caka ndi caka. Akalephera, mwataya masiku owerengeka cabe, ndipo mwadziwa munda wanu koposa kale. Amene ali ndi mafunso apite nao kwa Mlangizi wa Malimidwe wa kwao mvula isanayambe.